Kadontho Kofiira Pafupi ndi Mbendera

Anthu ena akalakwa amalakwira m'nyumba, chitseko chotseka, n'kutuluka atasamba kumaso ngati palibe chachitika. Ine ayi. Changa cholakwa ndinachisindikiza pa chipepala chachikulu ngati mphasa, ndinachikongoletsa ndi mitundu, n'kukachimata ndekha pakhoma loyang'ana njira ya kumsika. Ndipo pomatapo ndinkaimba mluzu.

Ntchito yanga ndi ya manambala, mu ofesi ina ya boma yoona zaumoyo. Jakisoni sindibaya, wodwala sindimukhudza. Anamwino a m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi akalemba za anthu amene awathandiza, zolembazo zimafika patebulo panga, ine n'kuzithira mu kompyuta, kompyuta n'kutulutsa mizere ndi mapu. Anthu amanditchula kuti a Tekiniko, ndipo ndisaname, dzinali limandikomera m'khutu. (Amayi anga mpaka lero amauza anzawo a kutchalitchi kuti ndine dokotala. Sindinawatsutsepo.)

Mkazi wanga, Felista, ndi mphunzitsi pa kasukulu kena cha ku Chidzolomondo. Sukuluyo inamangidwa payokha pamtunda, midzi ili apo ndi apo kuseri kwa minda ya fodya. Pasukulupo pali nyumba zitatu zokha. Yoyamba ndi ya a Diretori, mkulu wa sukulu, a Jemusi, bambo wa imvi zawo. Panthawiyo ankakhala ndi akazi awo komanso mwana wawo wotsiriza, Lusiya, amene anali atangomaliza sekondale ndipo ankadikira kupita kusukulu ya uphunzitsi. Yachiwiri ndi ya Andireya, mphunzitsi wosakwatira, munthu wamanyazi woti akamakupatsa moni amayang'ana nsapato zake. Yachitatu ndi ya Felista. Iye amakhala komweko, ine ku Furancungo komwe kuli ofesi yathu, ndipo Loweruka lililonse ndimakwera mota yanga, njinga yamoto, kukamuona. Nyumba zitatuzi muzisunge bwino m'mutu, chifukwa ine ndinaziiwala.

Tinakhala pabanja zaka zambiri opanda mwana. Felista anapita padera kawiri, ndipo maulendo onse awiri dziko lonse linali litadziwa kale kuti ndi woyembekezera, chifukwa cha pakamwa panga. Ulendo woyamba ndinagulira anzanga a kuntchito zakumwa nkhani isanagone n'komwe. Wachiwiri ndinangonong'oneza amayi anga okha, iwo n'kunong'oneza amayi onse a kutchalitchi kuti atipempherere. Zitakanika, Felista ankayenda pamsewu anthu akumuyang'ana pamimba kenako n'kuyang'ana kumbali. Ankati ululu wa m'thupi sunkachedwa kutha, koma maso a anthu ankamubaya miyezi yambiri. Patapita nthawi anthu anatopa nafe, n'kusiya kutiyembekezera kalikonse.

Ndiye Loweruka lina nditangofika, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, Felista anatseka chitseko.

"Abambo, khalani apo. Chipewa cha motacho vulani, ndikufuna makutu onse awiri."

Ndinavula.

"Ndili ndi pakati. Sikelo ndayamba kale." Ndinadumpha ngati ndakhalira singano, iye n'kundibweza ndi chala. "Khalani pansi, sindinamalize. Iyi ikhale ya ine, inu ndi Mulungu, mpaka idzaoneke yokha. Amayi anu asamve. Shefi wanu asamve. Ngakhale mota yanuyo musaiuze."

"Felista, ukundiona ngati mwana?"

"Ndikukuonani ngati inuyo. Lumbirani."

Ndinalumbira, dzanja pamtima. Ndipo panalibe chachilendo pa zimene ankapempha. Kwathu kuno mimba siyiimbiridwa ng'oma. Amayi akaona mnzawo akulavulalavula kapena akukana ndiwo zothira mafuta amangoyang'anana, pakamwa ndii, mpaka mwini wake atatumiza mawu kwa oyenera. Ndine ndekha amene mwambowu unandilambalala pobadwa.

Koma ulendo uno, abale anga, ndinagwira mtima. Ndinavutika ngati mbuzi yomangidwa pafupi ndi dimba. Pamsika ndikaona timalaya ta makanda pa kaunjika ndinkawoloka msewu. Amayi akaimba foni n'kuyamba zawo zija za "komatu anzanu akuchulukana," ndinkaluma lilime n'kufunsa za mtengo wa feteleza. Mnzanga wina kuntchito anandifunsa chimene ndinkamwetulira ndekha, ndinamuuza kuti ndakumbukira nthabwala ya maliro a chaka chatha. Ndinayamba kudzilemekeza. Ndinkati munthu wosunga chinsinsi ngati ine m'boma lino mulibe.

M'masiku omwewo a Shefi athu, mayi wachangu amene sakonda kuona pepala likugona m'kabati, anatiitana.

"Manambala amene timasungawa eni ake ndi anthu," anatero. "Tiwabwezere. Aone okha midzi imene amayi akuyamba sikelo msanga ndi imene akuchedwa, mwina ena achita nsanje yabwino. Koma a Tekiniko, musanatulutse kanthu, muyambe mwaunika ngozi yake. Sindikufuna munthu adziwike. Mwamva?"

"Shefi, musadandaule. Imeneyo ndiye ntchito yanga."

Ndinakonza mapu a dera lonse la Chidzolomondo. Mayi aliyense amene anayamba sikelo m'miyezi yapafupiyo ndinamusandutsa kadontho kofiira, n'kukaika pamalo pomwe anauza anamwino kuti amakhala. Kenako ndinayamba kuunika ngozi, nkhope yolimba ngati woweruza milandu. Maina alipo? Ndinachotsa. Zaka zobadwa? Ndinachotsa. Manambala a makadi? Ndinachotsa. Panangotsala timadontho, ndipo kadontho kalibe nkhope, kalibe mfunda, kalibe apongozi.

Poti ndine munthu wosamala, sindinalekere pomwepo. Ndinati ndiyese pa anthu enieni. Ndinaitana anzanga atatu a mu ofesi, n'kuwayalira mapuwo patebulo. (Pano ndiyenera kunena kuti mmodzi kwawo ndi ku Beira, wina ku Nampula, winayo ku Quelimane. Boma linangowatumiza kuno. Ku Chidzolomondo amakudziwa ngati dzina lovuta kulemba.)

"Makolega, yang'anitsitsani. Mukuzindikirapo munthu aliyense?"

Anayang'ana, wina mpaka kuvala magalasi.

"Palibe," anatero wa ku Beira. "Kodi kumpoto ndi uku kapena uku?"

Ndinakhutira. Anthu atatu ophunzira, onse alephera! Ndinalembera a Shefi kuti ngozi ndi yochepa kwambiri, mawu akuti kwambiri n'kuwadula mzere kunsi. Zoti ndifunse munthu mmodzi yekha wobadwira kumeneko, woti amadziwa nkhuku ya aliyense ndi tambala amene anaibereka, sizinandifike m'mutu. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa ndithu, kungoti ndinafunsa alendo.

A Shefi ataona mapuwo anakwinya pamphumi.

"Izi zikuoneka ngati mwana wodwala chikuku. Munthu adziwa bwanji kuti mudzi wake uli pati? Ikanimoni zizindikiro."

Apa ndiye luso langa linatuluka. Ndinajambula mtsinje ndi mlatho wake. Ndinaika kamtanda pa tchalitchi chilichonse, kagudumu pa chigayo, kampopi pa mjigo. Pamtunda paja ndinaika kanyumba ka sukulu ndi mbendera yake ikupepezeka bwinobwino. Ndipo pambali pa mbenderayo, patali ndi timadontho tina tonse tothithikana m'midzi, panali kadontho kamodzi kokha, kali phee.

Musaganize kuti sindinakaone. Ndinakaona. Ndinakadziwanso mwini wake. Ndinakayang'ana nthawi yaitali, mtima uli myaa, ndikuti: taonani kanga, kali pamaso pa boma lonse koma wodziwa ndine ndekha. Ndinakakulitsanso pang'ono kuti kasamire mu utoto wa mbendera. Bambo aliyense amafuna mwana wake aoneke bwino pachithunzi.

Tsiku la msika ndinanyamula chipepalacho pa mota, n'kukachimata pakhoma la chipatala cha kuderako. Ndisanamalize n'komwe anthu anali atadzaza. Amayi anatula mitolo ya nkhuni ndi madengu a nyemba, abambo anaimika njinga, achinyamata n'kumajambula ndi mafoni. Ine ndinaima pambali, manja kumbuyo, ndikufotokoza ubwino woyamba sikelo msanga. Palibe ankandimvera. Onse zala zinali pa mapu.

"Aka ka kuseri kwa chigayoka ndi ka Nabanda," anatero mayi wina. "Ndimaona ine kulavula kuja."

"Iyayi, Nabanda ali kumtunda kwa mjigo. Aka ndi ka mpongozi wa a Fulatira."

"Shii, uja wangokwatiwa dzulo uja?"

Anaseka chikhakhali. Munthu wanzeru akanang'amba chipepalacho nthawi yomweyo n'kuthawa nacho. Ine ndinaona kuti m'midzimo timadontho n'tambiri ndipo amayiwo akungoponya mwala m'tchire. Ndinabwerera ku Furancungo n'kukauza a Shefi kuti anthu alandira mapu ndi chidwi chachikulu. Limenelo lokha silinali bodza.

Loweruka lotsatira ndinagula malalanje a Felista n'kuuyamba wa kusukulu. Ndisanazimitse mota ndinaona kuti pakhonde pa a Diretori pali nkhani. Mipando inali itatulutsidwa. A Jemusi anavala jekete, tsiku Loweruka. Akazi awo anakhala pamphasa atagwira tsaya, pambali pawo pali azakhali a Lusiya, mlongo wa a Jemusi, amene anachita kuitanidwa kuchokera kumudzi. Lusiya anali pakona, maso atatupa ndi kulira. Andireya anamukhazika pa kampando ka ana a kalasi yoyamba, mawondo kufika kuchibwano. Kumpanda kunali anthu ongodutsa amene kudutsa kwawo sikunkatha.

"Eya, mwini wake wafika," anatero a Jemusi. "Senyoro Tekiniko, tabwerani kuno."

Ndinapita, malalanje ali m'manja. Anandionetsa foni. Munali chithunzi cha mapu anga, atachikulitsa mpaka mbendera kudzaza galasi lonse.

"Mapu awa ndi anu?"

"Ndi a boma, a Diretori, koma dzanja ndi langa," ndinayankha, kakunyada kakadalipo.

"Mbendera iyi ndi ya sukulu yanga?"

"Ndi yomweyo."

"Nanga aka?"

Ndinayang'ana nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Ndinayang'ananso ngati mwina yachinayi yamera usiku. Sinamere.

"Sabata yonse ndikuyenda chozolika," anapitiriza a Jemusi. "Kumsika akundiloza, kutchalitchi akundiloza. Pano pali nyumba zitatu, Senyoro Tekiniko. Akazi angawa anatseka kalekale, zidzukulu zawo zikuphunzira pomwe pano. A pulofesora Felista, aphunzitsi a kunyumba kwanu..." anatsokomola pang'ono, n'kutsitsa mawu mwaulemu, "...tonse tikudziwa mmene zilili, Mulungu ndiye mwini. Intau, ndiye watsala ndani?"

Onse anatembenukira kwa Lusiya, kenako kwa Andireya.

Ndivomereze kanthu kamodzi kochititsa manyazi. M'kati mwa mantha onsewo, chimene chinayamba kundiwawa n'chakuti palibe anandiganizirako ine. Mwamuna wamoyo, ndaima chilili pamaso pawo, Loweruka lililonse ndimafika pano ndi mota yaphokoso, koma pa mlandu wa mimba dzina langa silinalowemo ngakhale ngati mboni. Andireya, woti akaona mkazi amapunthwa pamalo osalala, ndi amene anamuona kuti angathe.

Umboni wake unali wakuti tsiku lina Lusiya anamupititsira nkhwani, n'kuchedwa kutuluka chifukwa ankamufunsa za mayeso olowera kusukulu ya uphunzitsi. Basi. Koma a Jemusi anali atagamula kale. Lusiya kusukuluko sapitanso, ndipo Andireya akwatire kapena asamuke.

"Ababa, sindinapiteko kusikelo ine," analira Lusiya. "Mufuna ndilumbire kangati?"

"Khala chete iwe! Boma lingakunamizire? Limakudziwa?" anakalipa azakhali. Kenako anandiyang'ana ine. "Inu ndi amene mudajambula. Tiuzeni, ndi ka ndani?"

Kuti ndinene zoona ndiye kuti ndaphwanya lumbiro la Felista, pagulu, pamaso pa odutsa a kumpanda aja. Kuti ndikhale chete ndiye kuti mwana wa eni wataya sukulu chifukwa cha utoto wanga. Ndinasankha njira ya amantha onse, yolankhula zambiri zopanda mutu.

"Onani, amayi, kadontho si munthu. Kadontho ndi chizindikiro chabe cha chiwerengero."

"Chiwerengero chimapita kusikelo?"

"Ayi, koma... malamulo a ntchito yathu salola kuulula. Ndi chinsinsi."

Azakhali anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva achimwene? Akudziwa! Akumubisa!"

Lusiya anayambanso kulira mokweza. Andireya anandiyang'ana ndi maso a mbuzi ya pamaliro. Lalanje limodzi linagwa n'kugubuduka mpaka kumapazi a a Diretori. Palibe analitola.

"Mwinanso," ndinatero, "kompyuta inalakwitsa. Zimachitika. Kapena inki inangodontha posindikiza."

A Jemusi anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Inki inadontha."

"Zimatheka, a Diretori."

"Inadontha mozungulira bwino chonchi, n'kusankha sukulu yanga. Ndiye kuti mudamata bodza pakhoma la chipatala? Lolemba ndikwera minibasi ya shapa, ndikafunse kwa akuluakulu anu ngati boma masiku ano likudontha."

"Ayi, ayi, si bodza kwenikweni. Mwina ndi mlendo amene anangogona pano usiku umodzi..."

"Pano sipagona alendo. Ino si pensau."

Azakhali anadzambatuka n'kumanga chitenje mwamphamvu. "Zatikwana. Dzuka Lusiya. Tipite nawe kuchipatala akakuyeze, ndipo tidutsira pamsika pomwe, aliyense aone kuti ife sitibisa nyansi."

Anamugwira mtsikanayo padzanja n'kuyamba kumukoka. Ine ndinali chiimire ngati chitsa, malalanje otsala ndawakumbatira pachifuwa. Ndipo ndinamva chitseko cha nyumba yachitatu chikutseguka.

Felista anabwera pang'onopang'ono, atafunda chitenje m'mapewa. Ine sanandiyang'ane n'komwe. (Ndinamva pambuyo pake kuti sabata yonseyo a Jemusi nkhaniyi ankaisunga m'nyumba, ndipo iye anaimvetsa bwino m'mawa womwewo, mipando itatuluka.) Anafika pakhonde, anagwada pang'ono kupereka ulemu, n'kuchotsa dzanja la azakhali pa mkono wa Lusiya.

"Musiyeni mwanayu, azakhali. Alibe mlandu. Kadonthoko ndine."

Ngakhale odutsa a kumpanda anasiya kunamizira kudutsa. Akazi a a Jemusi anayamba nthungululu, koma anaidula pakati atakumbukira kuti mwana wosabadwa saimbiridwa nthungululu, ndiye inangomveka ngati nkhuku yotsamwa chimanga. A Jemusi anayang'ana Felista, kenako anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Inuyo?" anatero.

"Ineyo, a Diretori."

"Epa," anapuma mozama. "Parabenshi." Mawu oyamikira ndinawamvapo ambiri pa moyo wanga, koma odabwa ngati amenewo sindinawamvepo.

Andireya anayesa kudzuka, kampando n'kudzuka naye limodzi. Lusiya sanaseke. Anayang'ana bambo ake, anayang'ana azakhali, anandiyang'ana ine, n'kulowa m'nyumba. Kuyang'ana kumeneko ndikukukumbukirabe.

Kunyumba kwathu ndinkayembekeza mkuntho. Ndikanakonda mkuntho. Felista anangokhala pabedi, manja pamiyendo.

"Munalumbira," anatero.

"Sindinauze munthu, Felista. Ngakhale mmodzi. Funsa aliyense."

"N'zoona. Munauza khoma."

"Dzina ndinachotsa. Zaka ndinachotsa. Ndinayesanso pa anthu atatu..."

"Abambo, pamtunda pano pali akazi angati? Dzina langa likanawonjezera chiyani?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Cholakwa ndi changa. Ndinakulumbiritsani pakamwa, ndinaiwala manja."

Ndinafuna kuseka kuti mwina aseke nane, koma anali akulira. Anati mimba ziwiri zija zinapita anthu akuonerera, ndipo iyi ankafuna ikhale yake, kuti ikapitanso alire yekha m'nyumba, m'mawa asambe, apite kukalasi ngati munthu wina aliyense. "Tsopano ikapita ndidzadutsa pati?" anandifunsa. Ndinachita manyazi, ndipo koposa manyaziwo ndinachita mantha, chifukwa ndinazindikira kuti chimene ndamulanda sindingathe kumubwezera.

Madzulo omwewo ndinathamangira kuchipatala kukang'amba chipepala chija. Chinang'ambika mosavuta, koma chinali kale m'mafoni a theka la Chidzolomondo, ndipo foni siing'ambika. Amayi anga anamva kwa munthu wogulitsa tomato. Anafika pa mota ya hayala, chitenje chili pamphuno chifukwa cha fumbi, n'kundifunsa ngati ndinabadwa kwa mayi kapena kwa khoma la chipatala, poti khomalo ndi limene ndinayamba kuliuza. Kwa a Jemusi ndinapita ndi tambala kukapepesa. Tambala analandira, ndipo iwonso anali ndi kupepesa kwawo kwa mwana wawo, kumene sikunali kwa tambala mmodzi. Lusiya kusukulu ya uphunzitsi anapita, koma panatenga nthawi kuti ayankhenso moni wanga. Andireya mpaka lero nkhwani amagula kumsika.

Kuntchito nako kunali zake. Anamwino anayamba kudandaula kuti amayi akabwera kusikelo akumatchula midzi yabodza. Mwezi wina kompyuta inandionetsa amayi oyembekezera angapo okhala pamwamba pa phiri pomwe pamakhala anyani okha. A Shefi sanandikalipire kwambiri, anangondibwezera kapepala kanga kaja n'kundiuza kuti ndiwerenge mokweza mawu amene ndinawadula mzere kunsi. Kuyambira pamenepo midzi timaiphatikiza m'magulu akuluakulu, kadontho koima kokha sikatulukanso, ndipo tisanamate kalikonse timaitana amayi awiri atatu a kuderako m'chipinda n'kuwafunsa amene akumuzindikira. Akangoti "aka ndi ka uje," pepalalo limabwerera m'kabati.

Miyezi yotsalayo ndinayenda ngati wasenza mazira pamutu. Felista akangoti "mayo" chifukwa chopunthwa, ine ndinkathamanga kukamugwira. Anthu ankamuyang'anadi pamimba, monga ankaopera, ndipo iye ankangoyenda, mutu uli chilili. Mulungu anatichitira chifundo. Kunabadwa mwana wamkazi wonenepa, wamawu ngati azakhali a Lusiya. Dzina la ubatizo ali nalo, labwino ndithu, koma pasukulu ponse amamutchula Kadontho, ndipo amavomera.

Mwina mukuganiza kuti nkhani inathera pabwino, ine n'kukhululukidwa. Inenso ndinkaganiza choncho.

Mwana atayamba kuthamanga, Felista anayamba kupitapita kwawo ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, akuti kukaona amayi ake amene miyendo inkawavuta. Ndinamuyamikira kuti ndi mwana wachifundo. Anayambanso kunenepa, ine n'kumati mbatata ya kachewere ya kwawoko ikumuyanja. Zoti n'kukhala zina sindinaganizeko, chifukwa mwezi uliwonse zolemba za sikelo za dera lonse zimadutsa m'manja mwanga, ndipo za pasukulu paja munalibemo kanthu. Ine ndimakhulupirira manambala.

Loweruka lina ndinamuona akudzuka pamphasa, dzanja limodzi pansi, lina kumsana. Kadzukidwe kameneko ndinkakadziwa.

"Felista... kodi?"

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Pakhala nthawi. Yatsala pang'ono."

"Koma sikelo? Sunayambe sikelo? Iwe ukudziwa kuopsa kwake!"

"Ndinayamba kalekale. Ndikapita kwa amayi ndimawolokera kutsidya, ku Malawi. Ndi pafupi."

"Ku Malawi? Chipatala chili pompano, chaulere, anamwino abwino. Ku Malawi kuli chiyani?"

"Kumeneko mwamuna wanga sagwirako ntchito."

Ndinakhala pansi. Kenako ndinafunsa, mawu atachepa, ngati pali wina amene akudziwa.

"Amayi anu ndinawatumizira mawu mwamwambo. A Diretori ndi akazi awo akudziwa, poti ndi amene amandipatsa chilolezo. Lusiya ndi amene anandiperekeza ulendo woyamba. Andireya amandigwirira kalasi."

"Andireya yemwe?"

"Yemweyo. Tinagwirizana kuti inu mudzaona nokha."

Ndiye ndi mmene zinalili. Mtunda wonse uja unkadziwa, amayi ondibereka ankadziwa, ndipo miyezi yonseyo palibe anatayako liwu, ngakhale kumsika, ngakhale kutchalitchi. Anthu amene sanaphunzirepo za kuunika ngozi anakhala pansi, anaunika, n'kupeza kuti ngozi m'dera lonselo ndi imodzi, ndipo imabwera Loweruka pa mota. Ndinafuna kukwiya, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti ntchito anaigwira molondola kuposa ine.

Ndinangopempha chinthu chimodzi, kuti mwanayo akadzabadwa ndisadzamve kwa wogulitsa tomato. Felista anati aganizira.